Kumbuyo kwa makalavani: masiku 7 m'misewu ya kumpoto kwa Scotland

Loweruka: Glasgow mpaka Inverness

Tafika ku Inverness 8 koloko madzulo dzuwa lidakali m'mwamba. Amayi anabwera kuno kuchokera ku Ntcheu masabata atatu apitawo, ndipo mpaka lero dzuwa la mwezi wa Juni likuwazunguzabe mutu. Dzulo anandifunsa kuti nanga nkhuku za kuno zimalowa m'khola nthawi yanji.

Ulendowu tinaukonza kalekale. Ine ndimasamalira okalamba m'makomo mwawo, abambo akunyumba amayendetsa basi, ndiye kuti tonse awiri tipeze tchuthi sabata imodzimodzi si nkhani yamasewera. Tikufuna amayi aone North Coast 500, njira ya mamailosi 516 yozungulira kumpoto kwenikweni kwa dziko lino, yoyambira ndi kuthera konkuno ku Inverness. Dzinali linabadwa mu 2015. Misewu yake ndi yakalekale, anangoilumikiza pa mapu n'kuipatsa dzina pofuna kukopa alendo, ndipo alendowo anabweradi.

M'kagalimoto kathu tili anthu anayi: ine, abambo akunyumba, amayi ndi mwana wathu wamkazi wa zaka 11. Kumbuyo kuli zikwama, ufa, poto ndi mthiko, chifukwa amayi anena kuti buledi si chakudya choti munthu n'kugonera sabata yonse.

Msewu wa A9 ukangopitirira Perth umasinthasintha. Pena uli ndi mizere iwiri mbali iliyonse, pena umodzi. Boma la Scotland linalonjeza kuti pofika 2025 wonse udzakhala wa mizere iwiri mpaka Inverness, koma tsopano likunena 2035. Kuyambira 2014 muli makamera owerengera liwiro lako pa mtunda wautali, choncho palibe zothamanga. Galimoto yokoka kalavani, kanyumba kogonamo ka matayala, lamulo limailola mamailosi 50 pa ola pamsewu wa mzere umodzi, ndi 60 pa wa mizere iwiri. Zimenezi ndikuzidziwa, ndipo titapezeka kumbuyo kwa kalavani yoyamba sindinadandaule. Munthuyo amangotsata lamulo.

Chandiwawa ndi chimene chinachitika titadutsa Pitlochry. Tinali mdipiti wa magalimoto oposa khumi, tonse tikudikira kuti msewu utambasuke. Utangotambasuka, bambo wokoka kalavani yaikulu kutsogolo kwathu anatulukira kumanja kuti apitirire lole. Anayenda nayo pambali pambali, osaipitirira osabwerera, mpaka mizere iwiri ija inatha. Ife tonse mwayi unatipita. Koma choopsa chinali chakuti kalavaniyo inayamba kuvina, uku ndi uku, ngati mchira wa ng'ombe yolumidwa ndi ntchentche. Abambo akunyumba anachotsa phazi pamafuta n'kusiya mpata waukulu.

"Katundu waunjikidwa kumbuyo kwenikweni," anatero. "Zolemera zimayenera kukhala pansi, pamwamba pa matayala. Akapanda kusamala imugubuduza."

Amayi anangoti, "Msiyeni apite, bambo. Ife tikafika."

Tinakwera Drumochter, malo okwera kwambiri pamsewuwu, pafupifupi mamita 460, mapiri ake opanda mtengo. Nsima taphika. Mawa tikulowera kumadzulo.

Lamlungu: Inverness mpaka Applecross

Mtima sunakhazikike, koma ndilembe zisanandichoke m'mutu.

Titapemphera tinanyamuka kudzera ku Garve ndi Achnasheen mpaka Lochcarron. Chakumeneko n'kumene tinayamba kukumana ndi misewu ya galimoto imodzi. Phula lake ndi lopapatiza, lokwana galimoto imodzi basi, ndipo pakapita kamtunda pang'ono pali kamalo kotambasuka kokhala ndi chikwangwani choyera cholembedwa Passing Place. Ndi malo opatukira. Mwambo wake ndi wosavuta. Ukaona mnzako akubwera, amene ali pafupi ndi malowo ndiye amaima. Akakhala kumanzere kwako umalowamo, akakhala kumanja umaima moyang'anana nawo kuti mnzakoyo alowemo. Ngati wawadutsa pang'ono, umabwerera chambuyo. Ndipo ngati kumbuyo kwako kuli wina wofulumira, umapatuka kuti adutse. Mukapitirirana mumakwezerana dzanja. Amayi akukonda kwambiri zokwezerana dzanjazi, akuti kuno ndiye kuli anthu odziwa moni.

Pa Tornapress msewu umagawikana. Wakumanzere ndi umene umakwera Bealach na Bà, dzina la m'Chigeliki, chilankhulo chakale cha kuno, lotanthauza mpata wa ng'ombe, chifukwa kale anthu ankadutsitsamo ng'ombe zawo popita kumisika. Unamangidwa mu 1822 ndipo umachoka m'mphepete mwa nyanja n'kukwera mpaka mamita 626. Pansi penipeni pali chikwangwani chachikulu. Chimanena kutalika kwa phirilo, chimanena za makhota ake, ndipo chimachenjeza poyera kuti ophunzira kuyendetsa, magalimoto aakulu kwambiri ndi makalavani asapitirire. Munthu sungachiphonye. Mwana wathu anawawerengera agogo ake n'kuwamasulira.

Tikukwera, amayi anagwira mpando n'kunena kuti, "Uwu ndi Gorodi weniweni." Iwo anakwerapo msewu wochokera ku Chitimba kupita ku Livingstonia ali kumbuyo kwa lole, popita ku ukwati wa mwana wa achimwene awo ku Khondowe, ndipo makhota aja sanawaiwale. Ndi zoona, zimafanana. Kuno kuli phula ndi zitsulo zotchinga, koma phompho ndi lomwelo.

Chakumtunda, pamene msewu umapindika ngati chigongono katatu motsatizana, tinapeza magalimoto ataima. Pakhota panali chigalimoto chogonamo, zimene kuno amati motorhome, choyera, chotalika mamita ngati 7, chitapingasa msewu. Mutu wake unali utaloza chitsulo chotchinga, matako atatsala pang'ono kukhudza mwala. Chinalephera kukhota kamodzi, ndipo kuti chikhote chinafunika kubwerera chambuyo pachitunda chimenecho. Woyendetsa amati akachotsa phazi pa buleki, chigalimotocho chimatsetsereka, iye n'kupondanso mwamantha. Fungo la kilatchi yopsa linafika mpaka pamene tinali ife. Kumtunda kunali magalimoto otsika akudikira, kumunsi ife, pakati anthu a njinga atatsika n'kuima m'mbali.

Abambo akunyumba anakoka handibuleki, anaika giya, n'kutuluka.

"Bambo, samalani," ndinatero.

Anapita kukaima pawindo la munthuyo. Sanagwire chiwongolero, poti galimoto ya eni ili ndi inshuwalansi yake. Anangomuuza kuti apume kaye, kenaka anamulangiza pang'onopang'ono: chiwongolero chonse kumanja, handibuleki isachoke mpaka amve injini ikukoka, abwerere mkono umodzi, aime. Bambo wina wa vani ya ntchito anaima kumbuyo n'kumaonetsa ndi manja mpata wotsala. Anabwerera kanayi. Pamene chinamasuka n'kuti titakhala pamenepo mphindi 50.

Pamwamba paphiri munthuyo anabwera kudzathokoza, nkhope ili mbuu, ana awiri akusuzumira pawindo. Anati chigalimotocho anachitenga pa hayala dzulo. Anamuonetsa kayatsidwe ka gasi, kathiridwe ka madzi, kakhuthulidwe ka chimbudzi. Za kubwerera chambuyo palibe anamufunsa. Njira anaitsata pa foni. Chikwangwani chija anachiona, koma anaganiza kuti chikunena malole.

Chisoni ndinamumvera, makamaka chifukwa cha anawo. Koma mkwiyo sunandichoke. Laisensi wamba ya kagalimoto ngati kathuka imalola munthu kuyendetsa chilichonse chosapitirira makilogalamu 3,500, ndipo zigalimoto zambiri za hayala anazipanga kuti zikwane m'malire amenewo. Abambo akunyumba kuti akhale pachiwongolero cha basi anayezedwa ndi dokotala, analemba mayeso apadera, ndipo zaka zisanu zilizonse amakhala m'kalasi maola 35. Winayu wangotsika m'kagalimoto kake ka m'tauni n'kupatsidwa makiyi a nyumba yoyenda, banja lonse lili mkati. Pomwe njira ina yopita ku Applecross ilipo, yodzera m'mphepete mwa nyanja kuchokera chaku Shieldaig, imene inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1970.

Kuchokera pamwamba paja timaona zilumba za Raasay ndi Skye, mapiri a Cuillin ali bii patali. Amayi anaima nthawi yaitali osalankhula, kenaka anayamba kuimba chapansipansi nyimbo ya kutchalitchi.

Lolemba: Applecross mpaka Gairloch

Lero ndinayendetsa ndine. Tinatulukira njira ya m'mphepete mwa nyanja, yokongola kwabasi, nkhosa zitagona paphula osatekeseka, ng'ombe zaubweya wautali zikutiyang'ana. Tinadutsa Shieldaig n'kulowa m'chigwa cha Torridon, mapiri ataima mbali zonse ngati zipupa.

M'chigwamo tinapeza chigalimoto china chogonamo, njinga ziwiri zitapachikidwa kumbuyo, chikuyenda mamailosi 20 pa ola, pena kutsika mpaka 15 akaona chokongola. Kuyenda pang'onopang'ono pamalo otere sindikukuda. Nanenso ndinabwera kudzaona. Koma kumbuyo kwanga kunafika kagalimoto kakang'ono kabuluu, ndipo nditayang'ana pagalasi ndinaona mayi atavala yunifolomu yonga yanga, kachitupa kali pakhosi. Ndinamuzindikira ngati m'bale wanga. Pa malo opatukira oyamba ndinayatsa indiketa n'kumusiya adutse. Anakweza dzanja.

Koma anangochoka kumbuyo kwanga n'kukatsekeka kumbuyo kwa chigalimoto chija. Mwana wathu anayamba kuwerenga malo opatukira amene chinadutsa osaima. Anafika 14. M'mbali mwa msewu muli zikwangwani zonena kuti malo amenewa muwagwiritsenso ntchito polola anzanu kupitirira, koma ayi ndithu. Mayi uja anaphethiritsa magetsi, anadikira, anaphethiritsanso. Hutala analiza kamodzi kokha, mwaulemu. Woyendetsayo mwina sanayang'ane n'komwe pagalasi, mwina anaona koma anati nayenso msewu ndi wake. Mpaka ku Kinlochewe, kumene msewu umakumana ndi waukulu.

Tinamupeza mayiyo ataima pambali akulankhula pa foni, akupepesa. Atamaliza ndinapita kukamupatsa moni, n'kumuuza kuti nanenso ntchito yanga ndi yomweyo, ku Glasgow. Nkhope yake inamasuka. Anati m'nyengo yozizira amadziwa bwino mphindi zimene amayenda kuchoka khomo lina kufika lina, koma kuyambira Meyi mpaka Seputembala palibe chimene angalonjeze munthu. Pali agogo ena amene mankhwala awo a matenda onjenjemera amafunika pa nthawi yake yeniyeni. Akachedwa amakawapeza thupi litauma, osatha kudzuka pampando. Pali ena amene sangapite kuchimbudzi okha, ndipo amakhala akudikira kuyambira m'mawa.

"Alendo sindidana nawo," anatero. "Mwana wanga amagwira ntchito kuhotela, ndalama zake ndi za alendo omwewa. Ndimangofuna ayang'ane pagalasi."

Sanakhalitse. Analowa m'galimoto n'kuthamangira kwa agogo ake.

Mawu amenewa akhala nane tsiku lonse, chifukwa ndikudziwa chimene chimachitika ukafika mochedwa. Umatsegula chitseko n'kupeza munthu wamkulu, amene analera ana n'kugwira ntchito zaka makumi anayi, atadzinyowetsa chifukwa iwe sunafike, ndipo amene akupepesa ndi iyeyo. Umamusambitsa, kumusintha, kumuphikira tiyi, koma manyazi aja sungawachotse. Ndipo mphindi 30 zimene unapatsidwa pakhomopo zatha, wotsatira nayenso akudikira. Ku Glasgow ndikatsekeka ndimakhota n'kudzera msewu wina. Kuno msewu wina kulibe. Wa positi, namwino, basi ya ana asukulu, mlimi wopita kukaona nkhosa yodwala, onse njira yawo ndi yomweyi imene ife tikuyendamo ndi makamera m'manja. Kupatuka kumatenga masekondi khumi.

Amayi anali chete mpaka tinafika m'mphepete mwa nyanja ya Loch Maree. Kenaka anati, "Mwanangu, kwathu mlendo akapeza mayi akuchokera kumadzi ndowa ili pamutu, amene amapatuka m'njira ndi mlendoyo."

Tagona ku Gairloch. Tizilombo toluma ta kuno, tating'ono kuposa udzudzu, tatithamangitsira m'nyumba dzuwa lisanalowe.

Lachiwiri: Gairloch mpaka Ullapool

Mvula tsiku lonse. Ku Poolewe tinalowa m'munda wa Inverewe, kumene mitengo ya kumaiko otentha imamera ngakhale kuli kumpoto chonchi, chifukwa cha madzi ofunda a m'nyanja amene amafika kugombe lino. Amayi anapezamo bulugamu n'kumusisita khungwa ngati akumana ndi munthu wakwawo.

Msewu wa lero wambiri unali wotakasuka, wokwana magalimoto awiri, ndiye tinapuma. Koma titapatukira kagombe kena kuti tidye, tinapeza malo opatukira awiri motsatizana atasanduka pogona. Pena chigalimoto makatani ali chitsekere, pena anthu atatulutsa mipando akumwa tiyi pansi pa lona. Malo amenewa saloledwa kuimikapo galimoto. Ukawatseka ndiye kuti awiri akakumana, wina abwerere chambuyo mtunda wautali.

Chinanyansa kwambiri chinali kumbuyo kwa tchire, pafupi ndi kamtsinje. Mwana wathu anabwerako atatseka mphuno. Wina anakhuthulirapo chimbudzi cha m'galimoto, madzi abuluu a mankhwala aja pamodzi ndi zonse. Malo okhuthulira alipo m'makampu, ena amalipiritsa ndalama zochepa. Anthu ambiri amamva kuti ku Scotland munthu ali ndi ufulu wogona paliponse m'tchire, ndipo lamulo la 2003 linaperekadi ufulu woyenda ndi kumanga tenti, koma ufuluwo sukhudza magalimoto. Amayi anapukusa mutu n'kuti, "Pamsasa saipitsa." Tinakadyera m'galimoto.

Ndilembenso chabwino. Tisanafike ku Dundonnell tinapeza kalavani yokokedwa ndi bambo wachikulire. Pamalo oyamba otakasuka anayatsa indiketa, anapatuka, ife ndi ena atatu tinadutsa. Sitinamutsate ngakhale mphindi ziwiri.

Lachitatu: Ullapool mpaka Durness

Ku Ullapool m'mawa tinaonerera sitima ya pamadzi yopita ku Stornoway ikumeza malole ndi makalavani. Kenaka tinalowera kumpoto, kudutsa mabwinja a Ardvreck Castle m'mphepete mwa Loch Assynt, mpaka Lochinver.

Kuchoka pamenepo pali msewu wa B869 wodzera ku Drumbeg. Ndi wopapatiza kuposa yonse imene tadutsa, wokwera ndi kutsika, makhota ake osaona kutsogolo. A zigalimoto zikuluzikulu amalangizidwa kuti asadzere kumeneko, atsate msewu waukulu wopita ku Kylesku. Ife ndi kagalimoto kathu tinalowa, abambo akunyumba ali pachiwongolero.

Vuto la lero linali la mtundu wina. Tinakumana ndi zigalimoto zogonamo zitatu zoyendera limodzi, zitagundizana mphuno ndi matako ngati ngolo za sitima. Malo opatukira amakwana chigalimoto chimodzi chotere. Choyamba chinalowa, ziwiri zinatsala pamsewu. Ndiye palibe chimene chathandiza. Kumbuyo kwathu kunali bambo wokoka bwato pa ngolo, ndipo iye kuti abwerere chambuyo pakhota zinali zovuta kwambiri. Tinangoyang'anizana. Woyendetsa chachiwiri anayamba kutikodola ndi dzanja kuti tidzere m'mbali, paudzu.

Udzu wa kuno ndi wonyenga. Pamwamba pamaoneka pouma, pansi ndi dambo. Abambo akunyumba anakana ndi mutu. Munthuyo anakodolanso, mwaukali tsopano. Wa njinga yamoto amene anali kumbuyo kwa bwato anayesa kudzera paudzupo, ndipo tayala lakutsogolo linamira pomwepo, njinga n'kugwera m'mbali. Mwamwayi sanavulale. Tinatuluka kukamuthandiza kuidzutsa, matope mpaka m'mawondo.

Pamapeto pake amene anabwerera ndi wa bwato, ndi ife pambuyo pake, mtunda ngati wa bwalo la mpira, chifukwa pa atatu aja panalibe amene anali wokonzeka kuyesa. Bamboyo anali katswiri. Ngolo inkamumvera ngati mwana, akuyang'ana magalasi okha. Zitatu zija zinadutsa motsatizana. Woyamba anakweza dzanja. Enawo anayang'ana kutsogolo.

Abambo akunyumba si munthu wolankhula akakwiya, koma apa anati, "Akanangosiyana mtunda, mmodzi pano wina uko, bwenzi zonsezi kulibe. Akuopa kusochera pamsewu umene ulibe mphambano."

Pa mlatho wa Kylesku tinaima kuti mitima itsike. Ndi mlatho wokhota, wokongola, umene unatsegulidwa mu 1984. Kale pamenepa magalimoto ankaoloka pa pantoni.

Madzulo ku Durness, pamene timatsuka mapoto, tinacheza ndi agogo ena aamuna a ku Yorkshire amene akhala akukoka kalavani kuyambira ana awo ali aang'ono. Kalavani yawo amaisiya pakampu n'kumazungulira ndi galimoto yokha. Anati iwo akaona magalimoto atatu kumbuyo amadziwa kuti nthawi yopatuka yakwana kale. Anatikumbutsanso kuti mpaka chakumapeto kwa 2021, amene anapeza laisensi kuyambira 1997 ankayenera kulemba mayeso apadera kuti akoke ngolo yolemera, ndipo m'mayesomo munali kubwerera chambuyo ndi kumangirira ngolo. Mu Disembala 2021 boma linachotsa mayesowo ku England, Scotland ndi Wales, pofuna kuti oyesa apeze nthawi yoyesa madalaivala a malole amene ankasowa. Tsopano munthu akhoza kukoka ngolo ya makilogalamu 3,500 osaphunzirapo ngakhale tsiku limodzi. Agogowo zimenezi zimawapweteka, chifukwa anthu akaona kalavani amangowaika onse m'gulu limodzi.

Ndinawamvetsa. Kuyambira Lamlungu ndakhala ndikuona chigalimoto choyera chilichonse ngati mdani, pomwe ambiri atipatukira bwinobwino. Koma mmodzi wosapatuka amasunga anthu makumi awiri, ndipo ndi amene umagona ukumukumbukira.

Lachinayi: Durness mpaka Thurso

M'mawa tinatsikira kuphanga la Smoo, amayi akuwerenga masitepe. Kenaka msewu wozungulira Loch Eriboll, wautali, wa galimoto imodzi, tsidya linalo ukuliona pafupi koma osafikako.

Pamenepo tinaona chinthu china. Chigalimoto cha nambala za kunja, chiwongolero chili kumanzere, chitationa chinathawira m'malo opatukira a kumanja kwake, kudula kutsogolo kwathu. Kwawo amayenda kumanja, ndiye dzanja linangopita kumene linazolowera. Ndinaponda buleki mpaka zikwama zinagwa. Mayi woyendetsayo anagwira pakamwa, kenaka anaika manja pamodzi kupepesa. Ameneyu sindinamukwiyire. Ife tili ndi mwayi kuti ku Malawi timayendanso kumanzere.

Titaoloka ku Tongue msewu unayamba kutakasuka pang'onopang'ono. Madzulo tinapita ku Dunnet Head, nsonga ya kumpoto kwenikweni kwa chilumba chachikulu cha Britain. Mphepo inali yoti n'kukugwetsa. Amayi anamanga chitenje pamwamba pa jekete, anayang'ana zilumba za Orkney, n'kutiuza kuti tiwajambule kuti a ku Ntcheu akakhulupirire.

Lachisanu: Thurso mpaka kunyumba

Tinajambulitsa pachikwangwani cha ku John o' Groats, tinadutsa Wick, n'kutsika ndi gombe la kum'mawa. Pa Berriedale msewu wa A9 umatsetsereka kwambiri n'kukweranso. Khota loopsa la pamenepo analikonza mu 2020, koma chitunda chikadalipo. Tinakwera kumbuyo kwa galimoto yaing'ono yokoka kalavani yoposa msinkhu wake, ikufuka utsi, matako a galimoto atatitimira. Kumbuyo kwathu kunatulukira ambulansi magetsi akuphethira. Ife tinapatuka, a kutsogolo kwathu anapatuka, koma wa kalavani anapitirizabe kwa kanthawi ndithu. Galimoto yake inalibe magalasi otalikitsa aja amene wokoka ngolo yotakata amayenera kumangirira, ndiye kumbuyo samaonako chilichonse kupatula khoma la kalavani yake. Anadzidzimuka ndi sailini ili pakhutu.

Kuchokera ku Wick kukafika kuchipatala chachikulu ku Inverness ndi mamailosi oposa 100, ndipo amayi ambiri oyembekezera a ku Caithness, dera limene kuli Wick, amakachilira kumeneko, kudzera msewu womwewu. Amayi atamva zimenezi anawerenga ndi zala maola ake, n'kunena kuti ndi chimodzimodzi kuchoka ku Ntcheu kupita ku Lilongwe mayi ali m'matenda. Anapempherera amene anali mu ambulansiyo mokweza, ife n'kuvomera ame.

Ku Golspie tinaona Dunrobin Castle patali koma sitinalowe, nthawi inali itatha. Pa Inverness tinathira mafuta n'kubwerera ndi A9, makalavani ambiri akulowera kumpoto pamene ife timatsika, poti mawa ndi Loweruka. Ndimati ndikaona chilichonse ndimaganiza za mayi wa kagalimoto kabuluu uja, kuti mawa m'mawa adzakhala kumbuyo kwa chiti.

Tafika ku Glasgow 11 koloko usiku. Mwana wagona osavula nsapato. Nsapato za abambo akunyumba zikadali ndi matope a ku Drumbeg, amayi aziika pakhonde kuti azitsuka mawa ngakhale tawaletsa. Ine Lolemba 7 koloko ndikhale nditafika pakhomo loyamba, kwa agogo amene amamwa mankhwala asanadye phala. Yunifolomu ndasita kale.